Nyali ya Kumbuyo kwa Njati

Gilibati ananyamuka pa Nathenje mochedwa, ndipo asanamizire munthu, wolakwa anali mwini wake. Lole yomaliza yolowera cha ku Mitundu inamuimbira hutala mpaka kutopa, iye ali phee m'bala, chikho kukamwa, akufotokozera anthu osamufunsa mmene amakonzera galimoto ku Halale. Pomwe ankatuluka n'kuti masitolo onse atatseka, pamsewu patatsala agalu okhaokha. Anakoloweka chikwama cha masipanala paphewa, kulavula, n'kuuyamba wapansi m'chisanu cha mwezi wa Juni.

Munthuyu anali makaniko, ndipo pamenepo tisamudyere, ntchito ankaidziwa. Chomwe chinamuwononga n'chakuti anakakhalako zaka zingapo ku Halale, akupukuta mafuta m'galaja ya mzungu, ndiye anabwerako ndi matenda oona aliyense wotsala kumudzi ngati mbuzi. Ovolosi yake inkayera kuposa kolala ya abusa. Ukamupatsa moni ankakuyankha ndi mphuno. Anthu ankangomuyang'ana, amvekere chamumtima, ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Tsiku limenelo anamuitanitsa a Matthews, tcheyamani wa chipani pa Nathenje, mwini golosale ndi minda ya fodya. A Matthews anali ndi galimoto yakale yakuda, ya mphuno yaitali, yomwe anagula kwa mzungu wa pa esiteti ina cha ku Mitundu pamene mzunguyo ankabwerera kwawo. Anthu ankaitcha Njati. Galimotoyo inapangidwa nthawi imene opanga ake ankaganiza kuti munthu wanzeru sabwerera m'mbuyo usiku, choncho inalibe getsi lounikira kumbuyo. Komanso pogona pake panali poipa. Inkalowa chamutu m'shedi kuseri kwa golosale, ndipo potuluka inkayenera kubwerera m'mbuyo m'kanjira kopanikizika, n'kukhota isanagunde khoma lanjerwa la nyumba yosungiramo fodya.

Ndiye kukakhala mdima, getsi la kumbuyo linali munthu. Mlonda ankayatsa nyali ya palafini, kuima pakati pa galimoto ndi khoma, n'kumayenda chammbuyo akukodola ndi dzanja. Woyendetsa ankangotsatira nyaliyo pagalasi. Mlondayo anali a Efulemu, nkhalamba yowonda ya maondo ogundana, bambo ake a Gilibati omubereka. Mwana wawoyo ankachita nawo manyazi moti chibwerere ku Halale sanawatchulepo kuti bambo. Ankangoti madala, ngati mmene ungaitanire wogulitsa nzimbe pamsika.

A Matthews anali atagula swichi ndi getsi ku Blantyre, osati pomvera chisoni mlonda wawo ayi, koma poti tcheyamani mnzawo wa ku Mitundu anali nalo getsi lotere. Ntchito yomangirira sinali yoti munthu n'kutulukira thukuta. Pambali pa giyabokosi pali kachitseko kachitsulo kopotera. Umakamasula, m'malo mwake n'kupoteramo swichi. Swichiyo ili ndi kamutu kunsonga, ndipo ukalowetsa giya ya rivesi, kachitsulo ka mkati kamakankha kamutuko, getsi n'kuyaka. Waya mmodzi amachokera ku mafyuzi, wina amatsata kunsi mpaka kumbuyo kwa galimoto.

Gilibati anamanga zonsezo, kulowetsa giya, getsi osayaka. Sanachedwe kudziwa chifukwa chake. Washa, kachitsulo koboola pakati komwe kanabwera ndi swichi, inali yokhuthala, moti kamutu kaja sikankafika poti kakankhidwe. Mankhwala ake anali kumasulanso, kupala washayo ndi tupa, n'kubwezeretsa. Koma dzuwa linali litapendeka, msana ukuwawa, ndipo ku bala gumbagumba anali atayamba kale kuitana.

"Batire lafooka, bwana," anatero uku akupukuta zala chimodzichimodzi. "Injini ikathamanga masiku angapo, getsi liziyaka lokha. Ku Halale zimatero."

A Matthews, omwe nzeru zawo zinkathera pa makhadi a chipani ndi masamba a fodya, anagwedeza mutu ngati amva. A Efulemu okha ndiwo anasendera pafupi, chipewa chili m'manja.

"Koma mwana wanga, bwanawa mawa anyamuka kusanache. Akukatula amayi a chipani kumsonkhano ku Lilongwe. Sungangolimalizitsa lero?"

"Ndiye vuto lili pati, madala? Nyali yanu yasweka?" Gilibati anakweza mawu kuti a pakhonde la golosale amve. "Zaka zonsezi mwakhala mukuvina chammbuyo kuseri kwa galimotoyi, tsiku limodzi lokhali ndiye mufa nalo?"

Anthu anaseka. Nkhalamba ija inavala chipewa chake n'kupita kukapukuta galasi la nyali. Komatu Gilibati ankadziwa china chomwe oseka aja sankadziwa. Pamene ankaisuntha Njati masana aja anamva kuti kilachi yake yafika poipa, ikugwira mwadzidzidzi ngati msampha wa mbewa. Ankadziwanso kuti tcheyamani akamapita kumsonkhano amagona ndi botolo, ndipo amadzuka phazi likulemera. Zonsezi anazimeza pamodzi ndi chikho choyamba.

Tsopano anali panjira, mowa ukumufunditsa. Mwezi kunalibe. Anasiya msewu waukulu n'kulowa njira yachidule yodutsa m'dambo, momwe nkhungu inali itagona ngati utsi. Anawoloka kamlatho ka mitengo, akulambalala mtengo wothyoka womwe unali kudzanja lake lamanja, n'kutukwana anthu a m'mudzi umenewo poti sadziwa n'komwe kukhoma msomali. Pamanda, pomwe ngakhale amuna enieni amafulumiza mwendo, iye anachita kuima n'kuyatsa ndudu. Akufa, iye ankati, ndi anthu okhawo kuno amene sabwereka sipanala.

Kupitirira manda, njira inkadutsa pa esiteti yakale ija, kumene Njati inachokera. Nyumba ya mzungu inali chiimire, yopanda denga, mazenera ali yasa. Kuseri kwake kunali mabani owotchera fodya, ataliatali, akuda. Gilibati ankadziwa kuti bambo ake anagwirapo ntchito pamenepa iye ali mwana kwa amayi ake, koma sanafunsepo kuti ntchito yanji. Akanafunsiranji za ulonda, munthu woti anaona magetsi a ku Halale?

Pafupi ndi bani lomaliza anaona kuwala.

Dzanja linathamangira m'thumba la pachifuwa. Masiku amenewo chinthu choopsa usiku sichinali fisi, anali anyamata a malaya ofiira ofunsa khadi la chipani. Khadi linalimo. Anapuma, n'kuyenda molimba mtima. Atayandikira anaona kuti si anyamata. Anali mdala mmodzi yekha, wovala chikhoti cha khaki chofika m'maondo, atakweza nyali m'mwamba ndi dzanja lamanja. Anaima pakati penipeni pa njira, atayang'ana kwa Gilibati.

Kenaka anayamba kuyenda chammbuyo, dzanja linalo likukodola.

"Bwerani... bwerani... pang'ono..."

Gilibati anaseka mpaka kutsokomola. Dziko ili! Paliponse ukapeza nkhalamba ndi nyali, ikuvina chammbuyo ngati nkhanu.

"Iwe mdala, kachasu wa kuti ameneyu? Patuka ndidutse."

"Bwerani... bwerani..."

Anafulumira kuti amupitirire. Mdala uja sanathamange, koma mpata wa pakati pawo sunachepe. Gilibati anawonjezera liwiro, masipanala akulira m'chikwama. Mpata unali womwewo. Anaima kuti apume, ndipo mdalayo anaimanso, natambasula chikhatho.

"Basi!"

Liwu limenelo Gilibati ankalidziwa. Ndi mmene bambo ake ankaimitsira Njati ikafika pakhoma. Anakwiya, poganiza kuti wina wa pakhonde paja wamutsatira kudzamuseka.

"Wakutuma ndani? Ukudziwa kuti ndine ndani ine?"

Gilibati anaponya phazi limodzi kutsogolo.

"Bwerani..."

Anayenda choncho kanthawi, wina chamtsogolo, wina chammbuyo, ndipo mowa unayamba kutsika m'mutu mwa Gilibati n'kusiya maso. Njirayo inali ya mizere ndi zitsa za chimanga, yoti iye woona kumene akupita ankapunthwa. Mdalayo sanapunthwe ngakhale kamodzi, sanacheuke. Mapesi ouma ankalira pansi pa nsapato za Gilibati. Kutsogoloko kunali zii. M'chisanu chimenecho mpweya wa Gilibati unkatuluka ngati utsi. Pakamwa pa mdalayo panalibe kanthu.

Ndipo nyaliyo... sinkanunkha palafini. Kachilombo ngakhale kamodzi sikankaizungulira.

Gilibati anayang'anitsitsa chikhoti chija. Pachifuwa chinali chophwatalala ngati achisita ndi simbi yaikulu. Mabatani anali atalowa mkati. Mkati mwenimweni.

"A... agogo," lilime linayamba kukumbukira ulemu. "Mukupita kuti usiku uno?"

"Mkono wanga watopa, bwana."

"Ndiye tsitsani nyaliyo."

"Satsitsa asanakulandire. Bwerani..."

"Akulandireni ndani?"

Mdala uja anamwetulira, mmene amamwetulira mlonda akaona kuti kunja kwayamba kuyera.

"Kusanache andilandira a Efulemu. Pang'ono... pang'ono..."

Ndudu inagwa yokha pakamwa. Gilibati anatembenuka n'kuliyatsa liwiro. Anathamanga ngati galu wotayiridwa madzi otentha, chikwama chikumumenya m'nthiti. Anagwa. Anadzuka. Anathamanganso mpaka chifuwa kuwotcha. Atatukula mutu...

Nyali inali kutsogolo kwake!

"Bwerani..."

Anakhotera kumanzere, m'munda. Inali komweko. Anatsinzina, miyendo n'kumapita yokha. Atatsegula maso anaona mitengo yaitali yowirira. Manda! Manda omwe anawadutsa kale! Pomwe anaima n'kuyatsa ndudu paja, tsopano anadutsapo akuyesa kukumbukira pemphero lomwe analisiya ku Sande sukulu. Linathera pa mzere wachiwiri.

Mapazi anaponda mitengo. Kamlatho kaja. Mtengo wothyoka unali kudzanja lamanzere.

Apa ndipo anadziwa kuti sakupita kwawo. Ankamubweza. Ankamubweza m'mbuyo ngati galimoto, iye Gilibati wa ku Halale, ndipo analibe buleki.

"Ndisiyeni, chonde! Ndili ndi mkazi, ndili ndi ana!"

"Pang'ono... kumanja... bwerani..."

Nkhungu inatha. Malata a pa Nathenje anaoneka mbuu. Agalu omwe ankamuuwa ponyamuka anali atalowa pansi pa makonde, michira m'mimba, osatulutsa ngakhale kaliwu. Nyali inamudutsitsa kuseri kwa golosale, pampata wa mpanda, mpaka m'shedi. Njati inali pomwepo, yakuda bii, ikununkha mafuta. Mdala uja anakaima kumbuyo kwake, pakati pa galimoto ndi khoma, malo a bambo ake enieni.

"Basi!"

Sanamuuze chochita. Panalibe chifukwa. Gilibati anagwetsa chikwama, kugona chagada pafumbi, ovolosi yoyera ija osaiganiziranso, n'kukwawira pansi pa galimoto. Kuwala kunamutsatira, kukafika pambali pa giyabokosi. Anapapasa sipanala. Inapulumuka n'kumumenya pamlomo. Anaitolanso. Anazula mawaya awiri aja. Anapotokola swichi. Mafuta ozizira anamudonthera m'khosi.

Washa ija inatuluka. Kanthu kakang'ono ngati khobidi, komwe anakaona masana n'kukanyoza. Anakapanikiza pa mwala n'kuyamba kupala ndi tupa. Kwee, kwee, kwee. Tupa anaphonya n'kudya chala. Sanamve kuwawa. Nyali inali pafupi ndi tsaya lake tsopano, pafupi zedi, koma sinkatentha. Inkazizira ngati mwala wa mumtsinje.

Munthu ukagona pansi pa galimoto, chomwe umaona cha mnzako woima panja ndi mapazi. Gilibati anatembenuza mutu pang'onopang'ono.

Nyali inalipo. M'mphepete mwa chikhoti munalipo.

Mapazi panalibe!

Analira. Bambo wamkulu ndi ndevu zake, analira ngati mwana wotayika pamsika, uku akupala. Ndipo mantha ake sanali a mdala uja yekha. Ankaona maondo ogundana aja akubwerera m'mbuyo m'kanjira aka, chipewa chakutha chija, dzanja lokodola lija, ndi khoma likudikira. Ankamva mawu ake omwe akuti, tsiku limodzi lokhali ndiye mufa nalo? Anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire.

Kutali tambala analira.

"Mkono wanga, bwana..."

"Ndamaliza! Dikirani! Ndamaliza!"

Anabwezera washa, kupotera swichi, kumanga mpaka sipanala kukana. Analumikiza mawaya ndi zala zoterera magazi. Anatuluka chokwawa, kutsegula chitseko, chomwe chinasiya kukhomeka kalekale, kuponda kilachi, n'kukankhira giya ku rivesi. Giya inakana. Anakankhanso ndi manja onse awiri.

Khwatya!

Kumbuyo kunayera mbee. Njerwa iliyonse ya pakhoma inaoneka, ndi kangaude yemwe. Gilibati anasuzumira pagalasi, kenaka anatulutsa mutu pazenera. Kanjira konse kanali mbee, kopanda munthu. Nyali kunalibe. Pafumbi panali mapazi ake okha, olowa. Anamva ngati wina wapuma mpweya wautali pafupi ndi khutu lake, mpweya wa munthu amene watula katundu.

"Ndani ameneyo? Ndikuphwanya mutu!"

Anali a Efulemu, akuchokera kukhonde la golosale komwe ankalondera, chibonga chili m'mwamba. Ataona yemwe wakhala m'galimoto anatsitsa chibongacho. Anayang'ana getsi, n'kuyang'ana mwana wawo. Ovolosi inali bii, mlomo wotupa, m'maso muli misozi ndi mafuta.

"Gilibati? Si unapita kwanu iwe? Nanga batire lija lachira liti?"

Gilibati anabweza giya n'kutsika. Nthawi yomweyo chitseko cha nyumba yaikulu chinatseguka. A Matthews anatulukira, jekete pamwamba pa malaya a chipani, maso ali psuu, fungo la dzulo likuwatsogolera. Kumsewu kunkamveka amayi atasonkhana kale, akuyeserera nyimbo, nkhuku za mphatso zikulira m'madengu.

"Efulemu! Tachedwa! Nanga uyu akutani pano? Wagona m'ngalande?" Sanadikire yankho. Anadziponya pampando n'kuliza injini.

A Efulemu anachita zomwe thupi lawo linazolowera. Anathamangira kukhonde, kubwera ndi nyali yawo yoyaka, n'kulunjika kumbuyo kwa galimoto. Gilibati anawagwira pamkono. Anagwira zolimba moti nkhalambayo inabuula.

"Bambo, ayi. Imani kuno."

A Efulemu anamuyang'ana ngati wayankhula chizungu. Liwu limenelo anali atasiya kuliyembekezera.

"Getsi likuyaka, bambo. Imani kuno, chonde."

Giya inalira, getsi linayaka. Njati inayamba kubwerera bwinobwino, pang'onopang'ono, tcheyamani akumwetulira pagalasi ngati getsilo analipanga ndi iye. Inadutsa pomwe awiriwo anaima, atadziphatika pa mzati wa shedi. Inafika pokhotera. Pamenepo phazi lolemera lija linaterereka.

Galimoto inadumpha.

Phwaa!

Khoma linagwedezeka, fumbi kuti kobo. Njerwa zingapo zinagwera pa buti. Nyimbo kumsewu inadukira pakati. Kenaka mdima, poti getsi latsopano lija linali litaphwanyika, magalasi ake ali mbwee pansi. Linaphwanyikira pamalo penipeni pomwe a Efulemu ankaima nthawi zonse ponena kuti basi.

A Efulemu anavula chipewa, osadziwa kuti akuvulira ndani.

Munthu wina akanatsika n'kugwada. Koma a Matthews anali tcheyamani, ndipo tcheyamani salakwa. Anapititsa galimoto kutsogolo, chitsulo cha kumbuyo chikukwekwereza pansi, n'kutulutsa mutu pazenera.

"Getsi lako lachabechabe landithobwa m'maso, iwe! Umakaniko wa ku Halale ndi umenewu? Zaka zonsezi ndi nyali sindinagundepo khoma ine! Efulemu! Wangoti tuzu pamenepo bwanji? Nyali kumbuyo, ndikhote! Amayi akudikira!"

Nkhalamba ija inavala chipewa. Ikanatani? Kukana tcheyamani pa tsiku la msonkhano kunali kudziitanira zina zoposa khoma. Inaponya phazi, koma nyali sinapite nayo. Gilibati anali ataigwira pachogwirira.

"Ndikulandireni, bambo."

"Iwe? Ndi ovolosi yakoyo?"

"Ndikulandireni."

A Efulemu anasiya nyaliyo pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Kenaka anayamba kumukonza mwana wawo ngati akumuveka malaya a sukulu.

"Gwira ndi dzanja lamanzere, utambasule mkono. Nyali ikhale pakati, koma thupi lako likhale kumbali, cha kumpanda uku. Ine ndimaiwala, ukalamba. Usaime pakati. Isake ankaima pakati."

"Isake ndani?"

"Amene unkayankhula naye m'shedimu. Ndinakumva ndili kukhonde, ndinangoti mwina ndikulota." Anatsitsa mawu. "Wa chikhoti cha khaki, eti? Chofika m'maondo?"

Gilibati anangogwedeza mutu. Hutala inalira, yaitali, yamwano.

"Anali mlonda mnzanga pa esiteti ija wadutsa, ndiye ankaunikira mzungu. Njati yomweyi inamupanikiza pakhoma la bani lomaliza, chaka chomwe mbendera inasintha. Iwe unali usanayambe n'komwe sukulu. Mzungu anatsika, kuyang'ana chitsulo cha kumbuyo ngati chapindika, m'mawa mwake n'kundipatsa ine nyali. Ndi yomweyo wagwirayo, tinangosintha galasi. Ndinamusambitsa ndine. Tinamuika ndi chikhoti chake chomwecho, chifukwa chinakana kuvuka."

"Efulemu! Kodi ndichite kutsika?"

Gilibati anayenda kupita kumbuyo kwa galimoto, magalasi a getsi lake akulira pansi pa nsapato. Anaima cha kumpanda, natambasula mkono. Nyali inali yolemera kuposa mmene inkaonekera. Giya inalira, utsi unamuwomba m'maondo, chitsulo chakuda chija chinayamba kumuyandikira. Anaponya phazi limodzi m'mbuyo, nakweza dzanja linalo, ndipo anamva pakamwa pake pakutuluka mawu, aulemu, onjenjemera.

"Bwerani, bwana... bwerani... pang'ono..."